Chiwongolero cha Kumanja

Tamanda ndi Yamikani, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene galimoto ili m'galaja kwathu ku Laurel ili ndi chiwongolero kumanja, pamene magalimoto onse a kuno ku America ali nacho kumanzere. Nthawi zonse ndimayankha mwachidule kapena kusintha nkhani. Tsopano ndikulemba zonse, poti katatu pa sabata ndimakhala maola anayi pa makina otsuka magazi, dzanja lamanzere lili m'mapaipi, lamanja lilibe chochita. Za ubwana wanga sindilemba, palibe chachilendo. Munthu mmodzi yekha ndiye muyenera kumudziwa, bambo anu aakulu a Filipo, amene kuno munkangowamva mawu pafoni.

Blantyre, 1976

Achimwene a Filipo anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo kwathu ku Ntcheu, ndipo anagulitsa zonse ziwiri kuti ine ndikaphunzire umakaniko. Iwo anali ndi mwendo wolumala chibadwire, choncho kugulitsa ng'ombezo kunali kugulitsa miyendo yawo. Tsiku limene ndinkapita kukayamba ntchito pa galaja ya boma ku Blantyre anandiperekeza mpaka pamsewu, akukoka mwendo uja m'fumbi. Ndinayamba kulonjeza kuti ndidzawagulira ng'ombe zina, koma anandidula pakamwa.

"Lakisoni, za ng'ombe usanditopetse nazo. Iwe ukadzagula galimoto yako udzabwere udzanditenge. Ndikhale kutsogolo, galasi lili lotsitsa, tidutse pamsika anthu andione. Basi."

Ndinavomera ndikuseka. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo ndinkaona ngati ndi nkhani ya zaka ziwiri kapena zitatu.

Kapitawo wathu pagalaja anali a Chikopa, munthu wamfupi, waukali, amene ankakugogoda zala ndi chogwirira cha sikuludiraiva ukagwira sipanala molakwika. Zipangizo zinkasowa miyezi. Gasiketi tinkadula pa katoni, timalabala tinkasema pa chubu chakale cha tayala, bawuti ikatha mano tinkaiwotcherera n'kuisemanso. A Chikopa ankati makaniko amene amadikira sipeya ya m'sitolo ndi wogulitsa chabe, ndipo ine ndinameza mawu amenewo osatafuna. Ndinaphunzira kuti chitsulo chilichonse chingagonje ukachikakamiza mokwanira. Ndi maphunziro amene anandidyetsa zaka makumi anayi, ndipo ndi omwewo amene anandipweteka.

Chaka chotsatira kunabwera galimoto ya ku America, ya mzungu wina wa kuminda ya tiyi ku Thyolo, kudzakonzetsa kabyuleta. Inali ya zitseko ziwiri, boneti yaitali ngati tebulo la paukwati, injini ya masilinda asanu ndi atatu. Atailiza, malata a galaja ananjenjemera, ine mtima unangoti myuu. A Chikopa sanalole aliyense kuikhudza. Patapita miyezi ingapo anatituma kukaikoka pa msewu wa Zomba. Mwini wake anafuna kupitirira lole, koma poti chiwongolero chinali kumanzere sankaona kutsogolo mpaka galimoto yonse itatulukira pakati pa msewu. Iye anatuluka ndi bala pachipumi basi. Wophika wake, amene anakhala kumanja, anafera pomwepo. Nsapato yake imodzi tinaipeza pansi pa mpando tikutsuka.

"Taona, Mbewe," anatero a Chikopa akuloza mbali yophwanyikayo. "Galimoto ya chiwongolero chakumanzere pamsewu wathu uno, wokwera ndiye amayamba kukumana ndi lole. Usadzakweze m'bale wako m'chinthu chotere."

Mzuzu, 1984 mpaka 1998

Ananditumiza ku Mzuzu kukakhala kapitawo. Kumeneko ndinakwatira mayi anu, a Naphiri, amene anali namwino, ndipo nonse awiri munabadwira komweko. Zaka khumi ndi zinayi ndinakonza magalimoto a anthu ena, malole, maambulansi, mathirakitala, koma yanga sindinagule. Ndikapita ku Ntcheu pa basi achimwene ankasuzumira kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti, "Waimika kuti, kuseri kwa nkhokwe?" Tinkaseka, koma ine ndinkabwerera ndili ndi manyazi. Mayi anu atapeza ntchito ya unamwino ku Maryland ndinawauza achimwene kuti kumeneko magalimoto amatayidwa ngati zitini, ndipo ndikabwera nayo yoti Ntcheu yonse idzatuluke m'nyumba.

Maryland, 1998

Ndinapeza ntchito pa galaja yokonza mabasi a ana asukulu. Bwana wanga anali a Hollis, mzibambo wamtali wosakonda kulankhula. Sabata yachiwiri anandipeza nditamasula pampu ya madzi ndikuikonza mkati, monga ndinkachitira kwathu. Anaitenga m'manja mwanga n'kuiponya m'mgolo wa zotaya. Anandiuza m'Chingerezi kuti kuno sakonza, amasintha, chifukwa m'basimo mumakwera ana a anthu. Ankanena zoona, koma zinandiwawa ngati anditukwanira mayi. Zaka makumi awiri ndinagwira pamenepo ndikumasula chakale n'kumanga chatsopano cha m'bokosi, ntchito yoti manja amagwira mutu uli kwina. Sindinajombe, sindinadandaule, koma umakaniko wanga weniweni unalibe kolowera. Kumudzi ndinapitako kamodzi kokha, mu 2004, pamaliro a mayi athu. Achimwene sanandifunse za galimoto ulendo umenewo, ndipo kusafunsako kunandiwawa kuposa kufunsa.

Manassas, 2009

A Mwale, mnzanga wa ku Lusaka amene amakhala ku Lanham ndipo amayendetsa galimoto yokoka magalimoto owonongeka, anandiimbira Loweruka lina m'mawa. Anati kuli mayi wamasiye ku Manassas amene akufuna kuchotsa chigalimoto cha malemu mwamuna wake kuseri kwa nyumba. Titavundukula lona ndinaizindikira pomwepo. Inali ya mtundu womwe uja wa ku Thyolo, ya 1969, yodzaza masamba ndi zisa za mbewa, matayala ataphwa, pansi pa mipando dzimbiri litaboola moti udzu unkaoneka. Koma injini ndi giyabokosi zinali zake zenizeni, zimene inatuluka nazo kufakitale. A Mwale anandinong'oneza kuti akuno amalemekeza kwambiri zimenezo, galimoto yosasinthidwa kalikonse. Ine sindinkamvetsera. M'maso mwanga ndinali nditafika kale pamsika wa kwathu.

Mayi anu ataiona ikutsitsidwa pakhomo anagwira m'chiuno. "Bambo a Tamanda, ndiye mwagula dzimbiri? Yanga galimoto izigona panja m'chipale chofewa chifukwa cha ichi?" Inagonadi panja zaka zonse zotsatira, ndipo ankapala madzi oundana pagalasi m'mawa uliwonse wa Januwale popita kuchipatala. Sindinawathokoze mokwanira.

Zaka zisanu ndinaigwira Loweruka lililonse ndi Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Ndinadula pansi ponse powola n'kuwotcherera zitsulo zatsopano. Injini ndinaimasula mpaka bawuti yomaliza, n'kuimanganso. Mabuleki akale ndinachotsa n'kuika amphamvu, ndipo ndinaikweza pang'ono kuti isamadzagunde pansi pa msewu wafumbi wolowera kwathu. Penti ndinasankha yobiriwira modera. Mpando wa wokwera ndinausamalira kuposa wanga: ndinausunthira m'mbuyo kuti mwendo wosapindika uzitambasuka, ndipo pamwamba pa chitseko ndinamangapo chogwirira. Zinali zaka zabwino kwambiri pa moyo wanga wa ku America. Iwe Yamikani unkati ndimakonda galimoto kuposa anthu, ndipo sindinakuyankhe chifukwa sindinkadziwa kufotokoza kuti galimotoyo inali ya munthu.

Laurel, 2014

M'mwezi wa Meyi galimoto inatha. Inalira kamodzi kokha nditangopotoza kiyi, mawindo a aneba n'kunjenjemera. Ndinaimbira achimwene n'kuika foni pafupi ndi ekizozi kuti amve. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Imeneyo ndi galimoto kapena mvula ikubwera? Ndiye ufika liti? Fulumira iwe, mwendo wabwino uja nawonso wayamba kukana."

Ndinawauza kuti chaka chomwecho. A Mwale anali atandipezera kale anthu otumiza makontena ku Baltimore. Chimene chinatsala chinali kuiyendetsa mpaka kudoko, ulendo wosakwana ola limodzi.

Sabata imeneyo ndinakhala pampando wa wokwera kuti ndiyese chogwirira chija. Ndili pamenepo, kumanja, ndinaganiza za msewu wa kwathu, malole a ku Mozambique akutsika mapiri a Dedza, ndipo ndinaona kuti mpando umene ndinakonzera achimwene ndi womwe unali wa wophika uja. Nsapato ija inabwerera m'maso mwanga. Ndinatuluka m'galimotomo nditatsimikiza kuti chiwongolero chipite kumanja, achimwene akhale kumanzere, kumbali ya udzu.

A Mwale nditawauza kuti ndiidula anavula chipewa. "Ba Mbewe, mwafunta? Iyi motoka ni original, manje mufuna kuijuba? Ku Zambia ziliko za left hand, bantu bayendesa chabe. Muziyenda pang'ono pang'ono, simufunika ku overtaker aliyense. Mukaijuba iyi, palibe azaifuna kuno, na kumunzi simuzafika this year."

Ndinawayankha kuti iwo ndi okoka magalimoto, ine ndine makaniko, ndipo ndi ntchito ya miyezi itatu. Mayi anu sanakweze mawu. Anangoti, "Pitani kaye pandege mukawaone alamu. Galimoto idzatsatira." Ndinati zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikufika kwa munthu ameneyu wapansi, sindikafikanso chimanjamanja. Ndinalankhula mwaukali, iwo n'kulowa m'nyumba.

Loweruka lotsatira ndinachotsa dashibodi, ndinajambula mzere ndi choko pa chitsulo chimene chimalekanitsa injini ndi anthu okhala mkati, ndipo ndinayatsa makina odulira. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinazengereza, koma ayi, ndinadula mokondwa, ndikudziona ngati a Chikopa.

2014 mpaka 2019

Galimoto imeneyi anaipanga kuti zonse za woyendetsa zikhale kumanzere, ndipo kumanja anadzazako zina. Bokosi la chiwongolero nditalisamutsa linakagundana ndi sitata ndi mapaipi a utsi. Nditapinda mapaipi ena, anayamba kuwotcha paipi ya mabuleki. Zopondera zitatu zinalibe pomangirira. Mawaya onse a dashibodi anali aafupi. Ngakhale mawaipa ankapukuta mbali yolakwika. Ndinaitanitsa zitsulo kuchokera ku Australia, kumene amayenda kumanzere ngati kwathu, ndinadikira miyezi inayi, zitafika sizinakwane. Ndinabwerera ku nzeru za ku Blantyre, kusema ndi kuwotcherera ndekha. Ulendo woyamba nditamanga zonse ndinaikweza pajeke, ndinapotoza chiwongolero kumanja, matayala n'kuloza kumanzere. Ndinali nditatembenuza bokosi lija osaganiza bwino za ndodo zake. Chaka chathunthu chinathera pamenepo. Ndinakhala pansi pa simenti mpaka mayi anu anabwera kudzaona ngati ndili moyo.

Kubweza m'mbuyo sikukanathekanso, chifukwa kumanzere ndinali nditatseka ndi chitsulo ndipo zakale ndinali nditaziduladula. Achimwene ankaimba Lamlungu lililonse. Poyamba ankafunsa kuti yatha, kenako ankangofunsa za inu ana ndi za nyengo. Tsiku lina mu 2017 anati, "Lakisoni, bwera ndi basi, ndidzakhala kutsogolo kwa basiyo. Ndikufuna ndikuone nkhope." Ndinawauza kuti kwatsala pang'ono. Mawu amenewo ndinawanena zaka zisanu, ndipo nthawi zonse ndinkawakhulupirira.

Mu 2018 ndinapuma pantchito. A Hollis anandipatsa bokosi la masipanala atsopano n'kundigwira chanza, ndipo kanali koyamba kuwaona akumwetulira. Ndinaganiza kuti tsopano ndili ndi masiku onse asanu ndi awiri, ndimaliza. Iwe Tamanda unandigulira tikiti ya ndege ngati mphatso yopumira ntchito. Ndinakuuza kuti uisinthe deti. Unandiyang'ana n'kunena kuti, "Dad, he's seventy-two. He doesn't care about the car." Ndinakukalipira m'Chichewa kuti sudziwa za kwathu. Iwe ndiye unkadziwa.

Achimwene anamwalira mu Ogasiti 2019, Lachitatu masana a kuno. Mwana wawo anaimba ndili pansi pa galimoto ndikumanga paipi ya mabuleki, ndipo ndinasiya foni ilire kawiri chifukwa m'manja munali mafuta. Anadwala masiku atatu okha. Kumudzi kulibe kosungira thupi, choncho anaikidwa ine ndisanakwere n'komwe ndege. Ndinafika patapita masiku anayi, pa minibasi, wapansi monga kale. Akazi awo, alamu anga, anandionetsa kumene achimwene analambula pafupi ndi nyumba, malo osalala bwino, atazika mitengo inayi n'kufolera ndi udzu. Anamanga mu 2014, chaka chimene ndinati ndifika, ndipo ankasintha udzuwo chaka chilichonse kuti galimoto isadzapse ndi dzuwa. M'katimo munali mbuzi.

Laurel, 2021

Nditabwerera kuno sindinalowe m'galaja miyezi isanu ndi umodzi. Kenako ndinalowa, chifukwa sindinkadziwa china chochita ndi manja anga. Popanda wondidikira ntchitoyo inayenda msanga, ndipo zimenezi zimandinyansa mpaka lero. Inatha bwinobwino. Chiwongolero chimatembenuka ndi chala chimodzi, mabuleki amagwira mofanana, palibe chogwedera, ndipo mpando wa achimwene ndi chogwirira chija ndinazisamutsira kumanzere. A Mwale ataiyendetsa anati sanaonepo ntchito yotere, kenako anatuluka panja n'kukaima nthawi yaitali atandifulatira.

Ndinaganiza zoitumizabe, ndikaiimike pansi pa udzu uja ngakhale tsiku limodzi. Chaka chomwecho shuga amene ndinkamunyozera zaka zambiri anamaliza impso zanga. Dokotala anandiuza kuti kuyambira pamenepo moyo wanga uli pa makina, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Ndinamufunsa za ulendo wa kwathu. Anandifunsa kuti kuchokera kumudzi kwathu kukafika kumene kuli makina otere ndi mtunda wautali bwanji, ndipo nditamuuza anangotseka faelo. Mayi anu, amene ndi namwino, sanandinamize. Anati, "Bambo a Tamanda, kwathu tsopano ndi kuno."

Ndinayesa kuigulitsa. Anabwera mzungu wina wa ku Virginia wosunga magalimoto akale, anazungulira kunja akuyamikira penti, anayang'ana manambala a injini n'kugwedeza mutu mokondwa. Atatsegula chitseko chakumanzere n'kupeza palibe chiwongolero anafunsa kuti ndani anaichita zimenezi, ngati mmene munthu amafunsira akaona mwana womenyedwa. Ndinati ndine. Anati angatenge injini ndi giyabokosi zokha, zotsalazo zilibenso ntchito kwa iye. Ndinamuperekeza mpaka pageti mwaulemu. Anthu ena awiri anabwera, ndipo ananena zofanana.

Laurel, chaka chino

Tsopano mwadziwa. Inali yokonzeka mu 2014, bambo anu aakulu ali moyo, ine ndili ndi impso zanga. Ndinaopa kuti lole ingawaphe pampando wakumanja, ndiye ndinawasiya afe osakwera n'komwe. Ndakhala ndikufufuza woti ndigawane naye mlanduwu, a Chikopa, kapena mzungu wa ku Thyolo uja, koma a Mwale anandichenjeza, mayi anu anandichenjeza, iwe Tamanda unandigulira tikiti, ngakhale achimwene eni ake anati ndibwere pa basi. Ndinkafuna kufika ngati munthu wamkulu. Palibe tsiku limene sindiganiza zimenezi, ndipo sizikupepuka.

Ndikadzapita, muchite nayo zimene mukufuna. Mukagulitsa injini kwa mzungu wa ku Virginia uja sindidzakwiya. Chimodzi chokha ndikupempha: chogwirira chimene chili pamwamba pa chitseko chakumanzere muchimasule, ndi mabawuti awiri okha, sipanala ya theka la inchi, ndipo wina wa inu akadzapita ku Ntcheu akachisiye pamanda a bambo anu aakulu. Akakufunsani kumudzi muwauze zoona, musandikometsere.

Lachiwiri ndi Lachinayi, thupi likalola, galimotoyo ndimaitulutsa n'kuzungulira misewu ya kuno pang'onopang'ono. Ndimatsitsa galasi lakumanzere ngakhale kukuzizira. Ndikaima pa maloboti anthu a m'magalimoto ena amatembenuka chifukwa cha kulira kwa injini, amayang'ana pampando wakumanzere pamene pamayenera kukhala woyendetsa, ndipo amapeza palibe munthu. Ana amaloza, akuluakulu amaseka, ena amatulutsa foni kujambula. Sabata yatha mayi wina anatsitsa galasi lake n'kukuwa akuseka, kufunsa kuti munthu wa pampandopo ali kuti. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe, koma loboti inayaka yobiriwira ndipo akumbuyo anayamba kuliza mahutala.